Kalilole Amene Mayi Sabina Sankapukuta

Pa parishi ina ya Akatolika, kunja pang'ono kwa tauni ya Balaka, kuseri kwa nyumba ya ansembe kuli kanyumba ka zipinda ziwiri kamene malata ake anachita dzimbiri kalekale. M'menemo ndimo mukhala mayi Sabina, ndipo akhalamo zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mukawafunsa ntchito yawo amangoti, "Ndimapukuta," basi, ngati kuti mwawafunsa zopusa. Ndipo sanama. Apukuta pansi, mawindo, matebulo, nsapato ndi mbale za ansembe asanu ndi awiri, wina kubwera wina kupita, iwo ali pompo ndi kansanza kawo paphewa.

Munthu wopukuta za anzake sachedwa kuleka kuwaopa. Mayi Sabina anamudziwa wansembe amene ankabisa mafupa a nkhuku pansi pa bedi m'nyengo ya Lenti. Anamudziwa katekisiti amene ankapaka mamina kunsi kwa benchi, ndi amayi a bungwe amene pa Misa ankaimba mokweza kuposa onse koma akalowa m'khitchini shuga ankatuluka naye m'chitenje. Sankaulula kwa munthu. Ankangoyang'ana, kutsonya kamodzi, n'kupitiriza ntchito. Kutsonya kwawo parishi yonse inkakudziwa, ndipo panalibe amene ankawakonda kwenikweni.

Kwawo ndi ku Phalula, m'mudzi wa m'mbali mwa msewu waukulu, kumene agogo awo anafikira pochokera ku Mozambique ndi khasu ndi mkeka basi. Anakwatiwa akadali mtsikana ndi mwamuna wina dzina lake Noah, wa pakamwa potsekemera koma manja aulesi. Tsiku lina Noah anakwera sitima ya ku Nayuchi akuti akukapikula zitenje, ndipo mpaka lero akupikulabe. Mwana mmodzi amene anawasiyira anamwalira ndi chikuku asanayambe n'kuyenda komwe. Atalira mokwanira, mayi Sabina anamva kuti kwa ansembe ku Balaka kukufunika wantchito, anamanga kamtolo kawo n'kunyamuka. Munda wa mayi awo anausiya m'manja mwa ang'ono awo, akuti kwa kanthawi. Kanthawi kaja kanabala ana, anawo n'kubalanso awo, ndipo aliyense anadulapo chigawo chake.

Wansembe wachinayi anali Bambo Kenneth, ochokera ku Machinga, amene anatumizidwa kuno kudzapuma chifukwa manja awo anayamba kunjenjemera mpaka chikho cha pa Misa chinkafuna kuwapulumuka. Anabwera ndi masutukesi awiri a mabuku ndi bokosi lalitali limene sanalole munthu wina kulinyamula mosasamala. M'bokosimo munali telesikopu, makina oonera mwezi ndi nyenyezi: chipaipi chakuda chonenepa ngati ntchafu ya munthu, kutalika kwake kufika m'chiuno, ndi miyendo itatu yochiimikapo. Anaipatsidwa ndi mnzawo wina ali ku maphunziro kunja. Iwo ankati ndi yaing'ono, ya ophunzira kumene, koma Akhristu ataiona pakhonde anaitcha mzinga, ndipo ena ankadutsa motalikira.

Mayi Sabina anaitsonya tsiku lomwelo. Munthu wamkulu, wophunzira mpaka kunja, kumakasuzumira m'paipi ngati akufuna mbewa! Koma madzulo ena anawapeza bambo aja akulimbana ndi kabawuti kamodzi, zala zikuvina, thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Mayi, tandibwerekani manja anu," anatero Bambo Kenneth.

Anawabwereka, ndipo kubwereka kuja kunatenga zaka khumi ndi zinayi.

Anayamba ndi miyendo ya telesikopu. Imafuna nthaka yolimba, yosapendekeka, ndipo uitambasule yonse mofanana, chifukwa mwendo umodzi ukafupika chilichonse chimene waloza chimangotsetsereka. Ukatero ukhazike chipaipi pamwamba n'kumanga, koma osati kumanga kwa okonza njinga a pa siteshoni amene amakhwimitsa bawuti mpaka ilire. Umange moti ukachikankha ndi chala chimodzi chiyende, ukachisiya chiime. Kenako uchisiye panja kanthawi chizolowere mphepo, chifukwa chikangochoka kumene m'nyumba yotentha zonse zimaoneka ngati zili pansi pa madzi.

M'kati mwa chipaipi, pansi penipeni, muli kalilole wozungulira, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Ameneyo ndiye mwini ntchito yonse. Amasonkhanitsa kuwala n'kukutumiza kwa kakalilole kena kakang'ono chakumtunda, kameneko n'kukuponyera cham'mbali m'kagalasi koikapo diso. Kalilole wamkuluyo akapendekeka pang'ono chabe, palibe chooneka bwino, ndipo kumuwongola kwake ndi timabawuti titatu tili kunja, kutako kwa chipaipi. Bambo Kenneth ankasuzumira pa kachivindikiro ka botolo kamene anakaboola pakati ndi singano, akunena kuti, "Kumanja pang'ono, mwapyoza, bwererani," mayi Sabina atagwada kumunsi akupotokola. Patapita zaka zingapo maso a bambo nawo anayamba kuchita nkhungu. Apo mayi Sabina ankasuzumira okha, kupita kukapotokola, kubweranso kudzasuzumira, mpaka timizere tozungulira timene ankationa m'katimo titakhala kena pakati penipeni pa kanzake.

Pamsana pa chipaipi pali kapaipi kena kakang'ono kolozera. Kameneko umakakonza masana, dzuwa lili kumbuyo kwako. Umaloza chipaipi chachikulu pa chinthu chakutali chosasuntha, ndipo iwo ankagwiritsa ntchito nsonga ya nsanja ya mafoni ya ku msewu wa Liwonde. Nsongayo ikakhala pakati pa diso, umapotokola timabawuti ta kapaipi kaja mpaka nakonso kaloze pomwepo. Timagalasi toikapo diso tinalipo tiwiri. Umayamba ndi kolembedwa 25, kamene kamaonetsa malo aakulu, ndipo ka 10 umakaika utachipeza kale chimene ukufuna. Chotsiriza ndi kagudumu kowongolera kuti chithunzi chimveke bwino, kamene kamafuna kupotokola pang'onopang'ono ngati ukutsegula mpopi wofooka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero Bambo Kenneth, ndipo pa zonse zimene ansembe analalikira mayi Sabina akumva, mawu amenewa okha ndi amene sanawatsutse mumtima.

Zakumwamba ankaziona belu la sikisi koloko likangolira, chifukwa bambo ankagona msanga. Tsiku loyamba kuika diso, mwezi unali theka. Mayi Sabina anaona maenje ndi mapiri, ndi mithunzi yake yomwe, zonse zili mbee.

"Kani nawonso ndi wa zipsera chonchi, ngati unadwala nthomba?" anafunsa.

Bambo Kenneth anaseka mpaka kutsokomola. Mayi Sabina anakondwa madzulo amenewo kukondwa kumene anali atakuiwala, ndipo anapsa mtima pang'ono poona kuti chowakondweretsacho ndi paipi.

Malamulo analipo awiri. Loyamba, osaloza dzuwa, chifukwa diso limapsa osabwereranso. Lachiwiri mayi Sabina analiphunzira ndi manyazi. M'mwezi woyamba womwewo anasuzumira m'chipaipi, anaona fumbi pa kalilole, ndipo dzanja linapita lokha paphewa kukatenga kansanza. Bambo Kenneth, amene sanakalipirepo ngakhale galu, anakuwa mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Atatsitsa mtima anafotokoza. Kalilole wa pa wadirobu kuwala kwake kuli kuseri kwa galasi, n'chifukwa chake umamupukuta mmene ungafunire. Uyu kuwala kwake kuli pamwamba, kopyapyala kuposa kakhungu ka anyezi, ndipo nsanza imakukala n'kukuchotsa. Fumbi lochepa silitchinga kanthu. M'zaka zonse zija anamutsuka kawiri kokha, pomuthira madzi a mvula osefa n'kumuimika kuti aume yekha, osamukhudza. Choncho m'nyumba yonse ya ansembe munali chinthu chimodzi chimene mayi Sabina sankapukuta, ndipo ankachinyadira kuposa zonse zimene ankapukuta.

Bambo Kenneth atamwalira, abale awo anabwera kuchokera ku Machinga ndi galimoto yonyamula katundu. Analira pang'ono, kenako anatenga mabuku amene sakanatha kuwerenga, masutukesi, nsapato, wailesi, ngakhale ndowa ya kubafa. Telesikopu anaizungulira kawiri, anaona kuti simungaphikiremo kapena kusungiramo chimanga, anaisiya. Inalowa m'chipinda chosungiramo katundu. Ansembe otsatira sanaifunse. Koma mwezi uliwonse ukafika theka, mayi Sabina ankaitulutsa kuseri kwa kanyumba kawo, kuimika, kuwongola, kuona, n'kuibwezera asanakatenthetse madzi a bambo.

Ndiye kunabwera a Pitala.

A Pitala anagwira ntchito ya umesenjala pa boma ku Machinga zaka makumi atatu. M'zaka zonsezo ananyamula makalata ambirimbiri osadziwa zolembedwamo, koma nsapato zawo munkadzionera nkhope, ndipo chitsulo cha lamba wawo chinkathobwa m'maso. Anaphunzira chinthu chimodzi pa boma: bwana akamabwera sayang'ana ngati ntchito ikuyenda, amayang'ana ngati zinthu zikuwala. Atapuma anamanga nyumba ku Balaka, anayamba kukhala benchi ya kutsogolo m'tchalitchi, ndipo posakhalitsa Akhristu anawasankha kukhala tcheyamani wa parishi, poti munthu wa nsapato zotere sangakhale mbuli. Bambo Mfumu wa nthawi imeneyi, Bambo Innocent, anali wachinyamata wokhalira pa njinga yamoto kuzungulira matchalitchi a kumidzi, ndipo za panyumba zonse anazisiya m'manja mwa komiti. Komitiyo inali a Pitala ndi anthu ena asanu ogwedeza mitu.

Chaka chatha kunamveka kuti Ambuye Episkopi akubwera kudzapereka sakramenti la Ulimbitso. Mukudziwa mmene timachitira kuno kukamabwera wamkulu. Miyala yonse ya m'mbali mwa njira inapakidwa laimu. Mitengo ya mango inavekedwa masokosi oyera mpaka m'mawondo. Chimbudzi chimene chinakhala chaka chopanda chitseko chinapakidwa penti, chitseko osaikidwabe. A Pitala anali paliponse ndi kachitini ka polishi wa zitsulo, zoikapo makandulo, belu, mtanda, zogwirira zitseko, zonse waliwali. Lachitatu, kutatsala masiku anayi, analowa m'chipinda chosungiramo katundu n'kupeza bokosi lalitali.

"Ichi ndi chuma cha parishi," anatero atachitulutsa. "Tichiimika pakhonde Ambuye achione, adziwe kuti kuno si kumudzi."

Anachotsa chivindikiro, anasuzumira m'kati ndi tochi ya foni, ndipo nkhope inasintha. Tochi imaonetsa kafumbi kalikonse ngati mwala.

"Mayi Sabina! Tabwerani kuno. Ichi n'chiyani?"

"Ndi fumbi, bambo."

"Ndikuona kuti ndi fumbi. Ndikufunsa kuti likutani pamenepa, inu mulipo?"

"Pamenepo sapukutapo. Mukapukuta mwapha."

"Sapukutapo!" A Pitala anatembenukira amayi awiri a m'komiti amene anali pakhomo ndi matsache. "Mwamva? Galasi losapukuta. Ine ndagwira ntchito ndi ma DC asanu ndi anayi, sindinamvepo."

"Ma DC anuwo analibe telesikopu," anatero mayi Sabina, ndipo anatsonya.

Kutsonya kumeneko kunali kulakwa, ndipo anadziwa kusanathe n'kutuluka komwe. A Pitala anali ndi mdzukulu wa akazi awo, Esther, amene ukwati wake unali utatha ndipo ankagona pabalaza pawo ndi ana awiri. Parishi yonse inkadziwa kuti a tcheyamani akhala akuyeza ndi maso kanyumba ka kuseri kaja chiyambire Pasaka.

Mayi Sabina anafewetsa mawu. "Bambo, ndiloleni ndikuonetseni. Muone nokha ngati fumbilo likutchinga kanthu."

Anaitulutsa pabwalo, dzuwa lili kumbuyo. Anatambasula miyendo, anakhazika chipaipi, anachiyesa ndi chala. Anatenga kachivindikiro ka botolo kaja, kusuzumira, kugwada, kupotokola, kudzukanso. Amayi a matsache anasiya kusesa. Mayi Sabina analoza nsanja ya ku msewu wa Liwonde, anawongola kapaipi kolozera, anaika kagalasi ka 25, anadekha pa kagudumu. Nsonga ya nsanja inabwera pafupi mpaka mabawuti ake ankawerengeka, ndipo pachitsulo china panali khwangwala akudzikonza nthenga. Sanaikonzepo bwino chonchi, ndipo mtima wawo unadzaza ndi kunyada.

"Ikani diso apa, bambo. Osagwira chipaipi."

A Pitala anachigwira ndi manja awiri, ngati akukweza thumba. Mayi Sabina analozanso. A Pitala anaika diso, anatsinzina lolakwika, anasintha. Anakhala kanthawi. Kenako anaweramuka pang'onopang'ono, nkhope ili ndi chimwemwe cha munthu amene wagwira mbava.

"Chadodolido!" anatero. "Nsanja yazondoka. Khwangwala miyendo ili m'mwamba. Tabwerani muone, amayi."

Amayi aja anaona, mmodzimmodzi, n'kuvomereza kuti inde, khwangwala wazondoka.

"Imaonetsa choncho kumene," anatero mayi Sabina. "Zonse za mtundu umenewu zimatero. Kumwamba kulibe kunsi ndi kumtunda, ndiye sizivuta. Bambo Kenneth anati..."

"Iyayi, musawanamizire omwalira. Mzungu angapange makina oonetsa zinthu chozondoka? Mwaiwononga ndi uve wanu. Fumbi lalemera mpaka chithunzi chagubuduka."

Amayi a matsache anagwedeza mitu. Akuti wamisala anaona nkhondo, koma uja anali ndi mwayi, sanali wantchito wa m'nyumba.

"Mverani," anatero a Pitala akuika kachitini ka polishi pa khonde. "Loweruka m'mawa ndikufuna galasi limeneli likuwala ngati lamba wangayu. Mulipukute inuyo, ine ndikuona. Mukakana, ndiye kuti ntchito yakukulirani, ndipo komiti iona chochita ndi nyumba ija. Alipo ana a mphamvu zawo amene akusowa pogona."

Madzulo amenewo mayi Sabina anadikira Bambo Innocent pa geti. Bambo anafika fumbi lokhalokha, anamvetsera chipewa cha njinga chili kumutu, foni ikulira m'thumba.

"Mayi, chonde, sabata ino mutu wanga wadzaza. Kagalasi kokha? Mvanani ndi a tcheyamani."

Lachisanu mayi Sabina anapempha tsiku, anakwera minibasi ya ku Phalula. Sanauze munthu chimene ankakafuna, koma ankafuna kuona ngati kwawo kudakali kwawo. Pamene panali nyumba ya mayi awo anapeza nyumba ya njerwa zowotcha ya mwana wa mng'ono wawo, ndi kabenchi ka tomato kutsogolo koyang'ana msewu. Munda unali utadulidwadulidwa mpaka chigawo chilichonse munthu akanachilima asanamwe tiyi. Anawalandira bwino, anawayalira mkeka, anawaphera nkhuku, ndipo nkhukuyo ndi imene inawauza zoona, chifukwa mwini mudzi samuphera nkhuku. Asanamalize n'kusamba m'manja komwe, mwana uja anafunsa mwaulemu wonse, "Nanga mubwerera lero lomwe, amayi aakulu, kapena mawa?"

Anabwerera tsiku lomwelo. M'minibasi anawerenga zaka zawo, makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi, ndipo anachita mantha, mantha enieni a munthu amene waona kuti akhoza kudzafera pakhonde la eni.

Loweruka m'mawa a Pitala anafika atavala jekete, anakhala pa mpando pakhonde, amayi a komiti ataima kumbuyo. Mayi Sabina anamasula tako la chipaipi n'kutulutsa kalilole ndi manja awiri, monga anachitira kawiri kokha m'moyo wawo. Anamuika pa thaulo. Anaona nkhope yawo m'menemo, yaikulu, yokalamba, fumbi lili pamwamba pake ngati ufa wochepa. Anaganiza zongomuthira madzi, mwina a Pitala akhutira.

"Polishi," anatero a Pitala, akukankha kachitini ndi nsonga ya nsapato.

Mayi Sabina anachotsa kansanza paphewa. Anathira polishi. Dzanja ntchito linkaidziwa, ndipo linayamba kuzungulira lokha monga limachitira pa zoikapo makandulo. Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati mchenga pansi pa mbale. Atatukula nsanza inali yakuda bii.

"Mwaona!" anafuula a Pitala, akuilanda n'kuionetsa kwa amayi aja. "Litsiro la zaka ndi zaka! Ndiye ankati sapukutapo. Pitirizani, mayi, musanyengerere."

Chakuda chija sichinali litsiro, chinali kalilole mwini wake akuchoka. Mayi Sabina ankadziwa, ndipo anapitiriza. Anapukuta mpaka nkhope yawo inasanduka mthunzi wopanda maso, ndipo m'mbali munayamba kuoneka ulusi wa thaulo kudutsa m'galasi. A Pitala anapendeketsa mutu, anaona kuti sakuwala kwenikweni ngati lamba, koma anati ndi chifukwa cha kuchedwa kumusamala, ayamba kuwala akazolowera. Chipaipi chakunja anachipaka okha polishi wa nsapato, ndipo chimenecho chinawaladi.

Lamulungu Ambuye Episkopi anafika mochedwa ndi ola limodzi. Anadutsa pakati pa miyala ya laimu, analimbitsa ana mazana awiri, anadya, ndipo potuluka a Pitala anawaimitsa pakhonde pamene telesikopu inaima itamangidwa riboni, kukamwa kwake kutaloza pansi.

"Ambuye, awa ndi makina athu oonera zakumwamba."

"Zabwino kwambiri," anatero Ambuye, akuyang'ana wotchi. "Muziwasamala."

Galimoto inanyamuka. Mlendo ndi mame, ndipo awa anakamuka isanakwane folo koloko.

Lolemba, belu la sikisi litalira, mwezi unali theka pamwamba pa mitengo ya mango. Mayi Sabina anachotsa riboni n'kunyamula telesikopu kupita nayo kuseri kwa kanyumba kawo. Sikuti ankayembekezera chozizwitsa, ankangofuna kuona ndi diso lawo chimene anachita. Anatambasula miyendo mofanana. Anamanga moti chala chimodzi chikankhe. Anadikira kuti chizolowere mphepo. Anasuzumira pa kachivindikiro, anagwada, anapotokola timabawuti mongoyerekeza, chifukwa timizere tija tinali titasowa. Kapaipi kolozera kanapeza mwezi msanga, pakati penipeni. Anaika diso pa kagalasi ka 25.

Munali chinthu choyera, chofooka, chopanda m'mphepete, ngati dontho la phala pa nsalu. Anapotokola kagudumu kutsogolo pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Anabwerera nako mpaka kumapeto ena. Panalibe dzenje, panalibe phiri. Moyo wawo wonse anakhala akunyoza anthu ochita zinthu zimene sakuzidziwa. A Pitala sankadziwa, amayi a matsache sankadziwa, Bambo Innocent sankadziwa. Pa parishi yonse munthu amene ankadziwa anali mmodzi, ndipo ndi amene anagwira nsanza. Anafuna kutsonya, koma pakamwa panali pouma.

Anamva nsapato pa miyala. Anali a Pitala, akuchokera ku msonkhano wa komiti, nkhope ili yowala ngati lamba wawo.

"Mayi Sabina, muli pano? Ndabwera ndi nkhani yabwino. Komiti yakondwa. Mwamva nokha Ambuye anayamikira. Taona kuti mukauzidwa mumamva, ndiye nyumbayi khalanibe, za Esther tiona kwina." Anasisita chipaipi ndi chikhatho, mwezi n'kuthawa m'diso. "Koma tagwirizana chinthu chimodzi. Ambuye anati tiziwasamala makinawa, ndiye tisabwererenso ku uve uja. Loweruka lililonse muzilipukuta galasilo. Polishi ndizibweretsa ndine."

Mayi Sabina anayang'ana chitseko cha kanyumba kawo, ndi ndowa yawo ili pakhomo, ndi nsalu zawo zili pa chingwe.

"Chabwino, bambo," anatero. "Zikomo kwambiri."

Akhalamobe m'kanyumbako. Loweruka lililonse, akatha kukolopa m'tchalitchi, amamasula tako la chipaipi, kutulutsa galasi lija, kulithira polishi n'kulipukuta. Pano layera mbee mbali zonse, moti ukaliika pa nyuzipepala umawerenga bwinobwino, ndipo a Pitala amati silinakhalepo laukhondo chonchi.